Kutentha Kwatsika M'chitsime

Lachinayi, ku Kanyama. Tsiku lolemera, magetsi kulibe.

Ndabwerako kuchigwa cha Kafue masana ano. Dzulo tinatsitsa komaliza kachipangizo koyezera kutentha m'chitsime chomwe takhala tikuboola pafupi ndi akasupe otentha. Tinkafuna kuti kutentha kuzikwera kachipangizoko kakamapita pansi, chizindikiro choti kuli madzi owira otha kuyendetsa makina a magetsi. Kunakweradi mpaka pakati pa chitsime. Kenako kunayamba kutsika.

Ba Mwale, otiyang'anira, anati madzi otenthawo amangodutsa mumng'alu wa thanthwe, gwero lake lili kwina. Kampani siboolanso. Tonse atiuza kuti tikadikire kunyumba.

Amayi ndawapeza akukupiza mbaula. Anauza kale anzawo akutchalitchi kuti mwana wawo wamkazi akukumba magetsi.

"Nanga malaiti yako yabwera liti, Tisa?"

"Vinthu vikali kupimiwa, amama."

Andiyang'anitsitsa, kenako n'kupitiriza kukupiza mbaula.

Ba Esnati oyandikana nafe akufuna munthu wowathandiza kugulitsa salaula, zovala zovalidwa kale, pamsika. Mawa ndipita. Koma anzawo a amayi aja amagula pamsika womwewo, ndipo akandifunsa sindikudziwa kuti ndidzati chiyani.