Dziko Silidikira Setilaiti

Lachiwiri, 11 Malichi

Mng'ono wanga, Bwana Miyala, wasowa. Akuofesi kwake akuti "sanasowe, kungoti sitikudziwa kumene ali." Mawu otere ndikanawaika m'nyuzi Loweruka, anthu n'kuseka mpaka misozi. Lero ayi.

Anapita kumapiri kukayeza miyala, mvula n'kukokolola mlatho. Netiweki kulibe. Ali ndi kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti ikamadutsa pamwamba pake. Womaliza unafika pafoni ya mlamu, mkazi wake, Lamlungu, 10:40 m'mawa: "Ndili bwino, nsapato zanyowa."

Lachitatu, 12 Malichi

Amayi afika ndi kachikwama, akhala moyang'anizana ndi wotchi. "Iwe unapita ku yunivesite. Chinthucho chimadutsa nthawi yanji?"

Zaka zonsezi digiri yanga ya fizikisi yakhala ikubisa mng'alu wapakhoma. Lero yaitanidwa kuntchito.

Ndawerengera pa katoni ya sopo. Setilaiti ili makilomita 550 m'mwamba, kuphatikiza 6,371 ochokera pakati pa dziko. Yankholo kulichulukitsa lokha katatu, kugawa ndi mphamvu yokoka ya dziko, sikweya ruti, kuchulukitsa ndi 2π. Mphindi 96. Ndalengeza ngati nduna yotsegulira mjigo: "Mphindi 96 zilizonse imabwerera pomwepo!" Mlamu wandigwira dzanja. Ndinanyada, Mulungu andikhululukire.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndalenga chilombo. Amayi atchera alamu. Ikalira, tonse timathamangira patebulo, maso pafoni ya mlamu. Zii. Kenako amayi, motsitsa mawu: "Yadutsanso."

Mng'ono wanga wafa kambirimbiri lero m'chipinda chino, imfa iliyonse pa nthawi yake, mwa masamu anga. Mlamu sakudya, akuchapa malaya a mwamuna wake oyera kale. Akonzi a nyuzi aimba kufuna nkhani yoseketsa. Ndati ndilibe. "Ngakhale ya maenje apamsewu, achimwene?" Ndadula.

Ndayamba kuganiza za suti yakuda, ndadzitukwana.

Lachisanu, 14 Malichi

Masana amayi amakoka mpando wawo kutsata dzuwa pawindo. "Likuthawa," akutero. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaphunzitse kuti si dzuwa limene limayenda, n'kukumbukira masamu anga a pa katoni.

Dziko limazungulira! Setilaiti imabwereradi pakatha mphindi 96, koma imapeza mapiri atasamukira kum'mawa makilomita oposa zikwi ziwiri, ngati munthu wothawa alendo. Za mwana wa sukulu izi. Pamafunika maulendo 15 kuti ikumanenso ndi malo omwewo, ndipo 15 kuchulukitsa 96 ndi tsiku lathunthu. Pakati pa mapiri imaoneka kamphindi chabe. Ngati iye akuzimitsa kachipangizo kusunga batire, kuphonyana n'kosavuta.

Ndafotokoza ndi mpira wa mwana ndi chotsekera botolo. Mlamu: "Ndiye nthawi zonse zija sinkadutsa n'komwe?" Eya, mlamu. Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Dzana unati 96. Lero ukuti mawa. Sukuluyo inkatsegula masiku onse?"

Mawa 10:40, monga Lamlungu. Koma 10:40 yadutsa kale kasanu popanda mawu. Izi sindinanene.

Loweruka, 15 Malichi

10:30 tonse patebulo. Alamu ndaizimitsa ndekha. 10:40, zii. 10:43 amayi ayamba nyimbo osatsegula pakamwa. Ine maso pa katoni, kufunafuna cholakwa china, kupempha chipezeke.

10:46 foni yanjenjemera. Mlamu walephera kuitsegula, wandikankhira.

"Mwendo wathyoka. Ndili pathanthwe kumtunda kwa mlatho. Madzi ndili nawo. Batire yatsala pang'ono. Amayi musawauze."

Ndawerenga mokweza, yonse, mpaka mawu omalizawo. Ndikuimbira akuofesi kwake, akuti bwana ali pamsonkhano. Amayi avala kale nsapato.