Chipinda cha Kopanda Dzuwa

Okondedwa Alamu,

Muli bwanji ku Zombako? Ndikhulupirira kuti mwendo wa amayi ukupezako bwino. Ife kuno ku Sheffield tilipo, chimfine chokha.

Achimwene anu andiputa. Paja mwezi wamawa tikukwera sitima yapamadzi yopita ku Norway, tchuthi chathu choyamba chibwerereni kuno. Mayi wogulitsa matikiti anatifunsa mbali imene tikufuna chipinda. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, bambo a Tadala ayankha kale: "Kopanda dzuwa."

Kopanda dzuwa, Alamu! Kudziko lozizira ngati mufiriji! Munthu wa madigiri awiri kusankha ngati akukwera basi pa Limbe mu Okutobala. Mayiyo anatiuza kuti mapiri ndi mathithi amaonekera mbali inayo, ife tizikangoona madzi. Nditawafunsa achimwene anuwo kuti akuthawa dzuwa liti, akuti mtima wawo umakhala m'malo akakhala pamthunzi.

Kodi anali otere kuyambira ali mwana? Ndikufunitsitsa kudziwa. Ogulitsa matikiti atipatsa mpaka Lachisanu kuti tisinthe chipinda, ndiye chonde muwaimbire, inu amakumverani. Apo ayi, ndikutumizirani zithunzi za madzi okhaokha, ngati kwathuko nyanja tilibe.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlamu wanu,
Chikondi