Foni ya kumgodi sidziwa maliro

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Torwood tilipo, kupatula chifuwa changa chija.

Mukukumbukira filimu tinkaiseka ija, ya dziko lomwe foni imapatsa anthu malikisi? Zandipeza. Kumgodi anatipatsa mafoni oonetsa komwe munthu ali. Atamwalira a Phiri oyandikana nafe, ndinapempha kapitawo, ndipo anandilola kukakumba manda. Foni inaona kuti sindili kuntchito, malikisi anga anatsika, tsopano andichotsa pa shifiti. Ine amene sindinachedwepo.

Nditadandaula, kapitawo anangoti, "Madala, si ine, ndi makina." Ndiye ndikapepese kwa ndani?

Chonde mundifunsireko ntchito kumeneko. Poyankha mulembe papepala, musaimbe, sindikudziwa zomwe foniyi imamva.

Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanu,
Yohane