Lachinayi Lopanda Magetsi

Lolemba, 21 Januwale 2008

Mvula kuyambira mbandakucha. Mtsinje wa Pungwe wadzaza. Sopo kulibe ku sitolo ya esiteti, sabata yachitatu.

Munthu ukakhalitsa pa ntchito umaopa chinthu chimodzi: kuti tsiku lina adzafika wodziwa zimene iwe sudziwa. Wanga wafika. Maidei, mwana wa a Tobiyasi othyola tiyi aja a ku Samanga. Chingerezi ndinamuphunzitsa ndine, giredi 5, ndisanasiye choko n'kukhala mlembi wa a manijala. A mpingo anamutumiza ku Korea zaka zinayi. Tsopano ndi womasulira. Mpando wake amuikira pafupi ndi foni. Foni yanga.

Lachitatu, 23 Januwale

A ku Korea akufuna kudzaona fakitale asanagule tiyi wathu. Akagula, dizilo apezeka, ufa wa antchito upezeka. Akapanda kugula, magawo awiri a munda atsekedwa. Anena okha a manijala.

Zaka 14 buku la misonkhano lili m'manja mwanga. Lero ndangolemba zimene wandiuza mwana. Amaimba foni 8 koloko m'mawa, poti uko imakhala itakwana kale 3 koloko masana. Amaweramira foni ngati kuti Bambo Han, ogulawo, akumuona. A manijala kumwetulira. Ine kuperekera tiyi.

Lachisanu, 25 Januwale

A manijala anafuna kuti alendo adzabwere pa 6 Febuluwale. Bambo Han anayankha motalika. Maidei: "Akuti aganizira. Koma musalembe, Madamu, sabwera." Anafotokoza kuti sabata imeneyo ndi Chaka Chatsopano chawo, aliyense amapita kukagwadira makolo, ndipo munthu wamkulu sakana poyera. Anafotokoza bwino, mosathamanga, chala chili m'mwamba. Chala changa chimenecho. Ndinkatero ine pa bolodi.

Agwirizana za pa 14, Lachinayi. A manijala: "Mwanayu ndi golide." Ine zaka zonsezi sindinakhalepo ngakhale mkuwa.

Lolemba, 28 Januwale

Kalata ya a magetsi. Kuyambira Febuluwale chigwa chonse cha Honde azizimitsa Lachinayi lililonse, m'mawa mpaka madzulo. Jenereta ilibe dizilo. Ndiye kuti pa 14 alendo adzapeza makina ali zii, masamba akupsa m'mabasiketi. Ndani angagule kwa fakitale yakufa?

Ndadinda deti monga mwa masiku onse. Ndaika m'dirowa, pansi pa maenvulopu. Tsikulo Maidei anasankha yekha. Za magetsi a kuno ku Korea sanamuphunzitse.

Lachinayi, 31 Januwale

Maidei wavala nsapato zofiira. M'matope ano!

Lamlungu, 3 Febuluwale

Kutchalitchi nyimbo zinandikanika. Potuluka a Tobiyasi anandipatsa mapeyala anayi mu kansalu, akuthokoza m'Chishona. "Maita basa, Aticha. Mwana wanu uja, ife tinangobereka." Zala zawo zong'aluka ndi tiyi. Gawo limene amathyola ndi limodzi mwa awiri aja.

Mapeyala ndawasiya pakhonde. Sindinathe kudya.

Lachiwiri, 5 Febuluwale

Mawa maofesi a ku Korea atseka. Matikiti a ndege Bambo Han amati agula lero.

Itatsala pang'ono kukwana 8 ndinatulutsa kalata ija. Maidei anawerenga ataimirira. Maso anaima pa chidindo changa: 28 Januwale. Masiku asanu ndi atatu. Anapita pa foni. Anaimba.

Chikoreya mphindi khumi. Kuwerama katatu. Pakati pake ndinamva dzina langa, Tecla, kawiri. Mbali inayo mawu ochepa. Ine chiimire ndi cholembera, ngati mwana wodikira chikwapu. Amandineneza? Amanditeteza? Mawu onse ndawamva ndi makutu anga, palibe limodzi ndalitola.

Kwa a manijala anangoti m'Chingerezi tsiku lasintha chifukwa cha magetsi. Kwa ine: "Lembani Lachisanu pa 15, Madamu."

A manijala atatuluka ndinamufunsa zimene ananena za ine. Anakoka buku langa la misonkhano, nalemba m'mphepete tizilembo titatu tonga timawindo.

"Dzina lanu ndi ili. Zinazo yesani nokha, Madamu. Si mmene munkatiuzira?"

Sanamwetulire. Kapena pang'ono, sindikudziwa.

Ndakhala ndikukopera pa nthawi ya chakudya. Dzanja silikumvera. Koyamba kakhota, kachiwiri ndikuyesabe.