Zokometsera za Amayi

Lolemba, 3 Malichi
Chisanu cha South Bend osatha. Shifiti yam'mawa kuchipatala, masana kwa a Tiffany, aphunzitsi anga a zoimba. Kwatsala masiku khumi ndi awiri kuti ndikayesedwe ku Indianapolis. Gulu loimba nyimbo za Baroque, zija za ku Ulaya zaka mazana atatu zapitazo, likufuna woimba alito. Mmodzi yekha basi. Zaka zinayi ndikudikira mwayi ngati uwu.

Nyimbo yanga ndi ya Chitaliyana. Zigawo ziwiri, kenako umabwereza choyamba. Ndaimba bwinobwino, noti iliyonse pamalo pake. A Tiffany kungochotsa manja pa hapisikodi, limba lawo lakale lija. Akuti pobwereza ndisamaimbe zomwezo, ndizikometsera ndekha. Ndikometsere chiyani? Papepala palibe!

Lachinayi, 6 Malichi
Ola lathunthu kwa a Tiffany kumva za mafumu a ku France, mawigi, akatswiri oyang'ana nyenyezi, zingwe za vayolini zopangidwa ndi matumbo a nkhosa. Akuti oimba a nthawi imeneyo ankapikisana kukometsera nyimbo pamaso pa mfumu. Chabwino. Ine mfumu ndikaitenga kuti?

Kusekondale a Bizwick, mkulu wa kwaya, ankatigenda ndi choko tikawonjezera kanthu. "Imbani zolembedwa, kuno si kumaliro." Zaka zonsezi ndakhala ndikupala zakumudzi pakhosi panga kuti ndizimveka wophunzira.

Ndaloweza zokometsera zitatu za m'buku la a Tiffany. Akuti zikumveka ngati ndikuwerenga mayina a mankhwala. Ndakwiya, ndaliranso m'basi ngati mwana.

Lamulungu, 9 Malichi
Ku Indianapolis, kwa amayi anga aang'ono, a Flora. Masana Amalawi tinasonkhana chapafupi ndi Lafayette Road kukamupepesa mnzathu Upile, bambo ake amwalira kumudzi. Azimayi anayamba nyimbo ya maliro, ili kukokakoka. Pavesi lachiwiri ndinangozindikira ndayisiya nyimbo pansi, ndakwera pamwamba, ndikuizungulira, n'kudzakumana nawo pa liwu lomaliza. Ndendende mmene ankachitira amayi pasiwa. Zaka ziwiri tsopano chiwaikire. Maliro awo ndinawaonera pafoni.

M'galimoto amayi aang'ono anati, "Ndiye ukusitiresa chiyani? Si zomwezi akufuna azungu akowo?" Sadziwa Baroque iwowa. Zandinyansa.

Loweruka, 15 Malichi
Oyesa atatu, nkhope zili gwa. Chigawo choyamba, bwino. Chachiwiri, bwino. Pobwereza, zoloweza zonse zitatu balala! M'mutu mbee. Woimba hapisikodi wayamba kale, wosadikira munthu.

Ndinatseka maso n'kuchita za amayi. Kukwera, kuzungulira, kubwerera. Wa hapisikodi uja ananditsatira ngati tinapangana.

Nditamaliza, mmodzi mwa oyesa aja anafunsa buku limene ndatengamo zokometserazo. Ndinati palibe buku, ndi za amayi anga a ku Mponela. Analemba papepala. Kaya analemba chiyani. Njira yonse yobwerera ku South Bend ndakhala ndikudzitukwana. Nyimbo ya mafumu ndakaiimba ngati pasiwa.

Lachitatu, 19 Malichi
Anditenga. Ine, Mwaiwathu! Amayi aang'ono nthungululu pafoni mpaka khutu kuwawa. A Tiffany akuti ankadziwa kale. Bodza.

Koma mtsogoleri wa gulu watumiza uthenga. Akufuna zokometsera zija ndizilembe papepala pofika Lolemba, kuti wa vayolini aziloweze, tiziimba chimodzimodzi m'makonsati onse.

Chibwerere kuntchito ndili ndi pensulo. Ndalemba manoti anayi, ndafufuta. Ndalembanso, pepala labooka. Amayi sanakometserepo nyimbo mofanana kawiri. Zinkatengera amene wagona m'nyumbamo: khanda mwina, gogo mwina, mnzawo wa Mvano mwinanso.

Loweruka lija ndinkaimbira amayi. Nanga zapapepalazi ndilembere maliro a ndani?