Mayi Akuthamanga pa Kaseti

Lolemba, 5 Ogasiti 1996

Achemwali a Petronela abwera kuno ku Zingwangwa nditangoweruka. Atulutsa mpango m'chikwama, mu mpangomo jumbo, mu jumbomo kaseti. Ndi ija ndinajambula ine mwini pa Khirisimasi ya 1992 kwathu ku Bangwe, mayi akuimba ndi kucheza. Bambo tsiku limenelo anakana kulowa m'nyumba, ati salankhula ndi zidole. Liwu la mayi latsala pa kaseti imeneyi basi. Chithunzi chawo tili nacho chimodzi, cha pa ukwati wanga, koma anatsinzina.

Loweruka pa 17 tikukavundukula chiliza chawo, chaka chakwana. Achemwali akufuna kasetiyi ikalire anthu asanabalalike. Asankha wailesi yanga chifukwa ndi yaphokoso. Sananene kuti ndi yabwino.

Potuluka: "Ramsey, ungoyesa ngati ikumveka. Usatsegule chilichonse. Ndimakudziwa."

Kaya anthu amandiona bwanji. Wailesi imeneyi ndinaipanga ndekha kuchokera ku mawailesi atatu akufa, ndipo ikulira mpaka lero. Mkazi wanga Doreen (D.) akuti awiri mwa atatuwo ankalira ndisanawagwire.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Wailesi yadya kaseti.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Dzulo sindikanatha kulemba zambiri. Ndinangodina batani, mayi n'kuyamba nyimbo yawo ya Chilomwe ija, kenako khwinya khwinya khwinya. Pomwe ndimazimitsa, tepi inali itatuluka kutalika ngati mkono wanga, itazengezana pa kagudumu, ndiponso itaduka.

Wolakwa ndi lamba. Lamba weniweni wa mota anaduka chaka chatha, ine n'kudula mpira wa chubu cha njinga kuikapo. Wagwira ntchito miyezi khumi ndi umodzi osadandaula. Makaseti onse a rumba a aneba athu a Jameson adutsa bwinobwino. Amadikira mayi anga.

D.: "Ndiye achemwali muwauza liti?"
Ndati ndikakonza.
D.: "Oo, ndiye simuwauza."

Ku ntchito ndapereka makalata a ofesi ya kumwamba ku ofesi ya pansi. Zaka zisanu ndi chimodzi pa umesenjala sizinandichitikirepo. Palibe wazindikira, zomwenso zandipatsa maganizo.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Opaleshoni. Zida: lezala latsopano, bolopeni, botolo, ndi kyutekisi yofiira ya m'zikhadabo ya D., yomwe wapereka nkhope ili kumbali.

Chigoba cha kasetiyi n'chomata, chopanda masikuluwu, ndiye ndachiswa ndi mpeni. Tepi ndaisamutsira m'chigoba cha kaseti ina ya a Jameson. Sanaifunsebe. Pokhwinyata ndawongola pang'onopang'ono pa botolo. Koma pomwe panadukapo panali potafunika zedi, ndachita kudula kutalika ngati chikhatho, n'kulumikiza nsonga ziwirizo ndi kadontho ka kyutekisi.

D. amandigwirira mbali imodzi. Akuti, "Mukupuma mwamphamvu inu, tepi ikuuluka." Ndinasiya kupuma.

Kachidutswa ndinadulako sindinataye. Kali m'bokosi la machesi, m'thumba la jekete la ku tchalitchi. Muli mzere umodzi wa nyimbo mmenemo. Mulungu akuwadziwa mawu ake, ine Chilomwe changa chimathera pa moni.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ku msika wa Ndirande, kwa Eddie wogulitsa ziwalo za mawailesi akufa. Mu minibasi anthu amakangana za zipani kuchokera pokwerera mpaka potsikira. Masiku ano aliyense ndi wailesi payekha, yopanda batani lozimitsira.

Eddie nditamufotokozera anasiya kudya chinangwa. "Chubu, aise? Pa kaseti ya masteni? Inuyo ndinu owopsa." Wandipezera lamba weniweni m'katoni ya pansi pa benchi.

Ndamuika. Hedi, kachitsulo kowerenga tepi, ndapukuta ndi sipiriti. Ndayesa ndi rumba kaye, katatu, ikulira ngati yatsopano. Kenako ndaika mayi. Polumikiza paja padutsa bwino, kungoti thi, basi.

Koma liwu. Ndi laling'ono, lothamanga, ngati kamtsikana ka Sitandade Faifi kakuimba kuti kathawire ku buleki. Lachiwiri sindinamvetsere bwino, inadyeka isanapite patali. Lero ndamvetsera mpaka kumapeto. Amenewa si mayi. Ndawononga.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Titatuluka Misa ndanyamula wailesi paphewa kukwera ku Manje kwa achemwali. Ndaulula zonse: chubu, mpeni, kyutekisi. Anditukwana osapuma kuchokera pa chubu mpaka pa wotchi ya bambo imene ndinamasula ndili Sitandade Sikisi. Sindimadziwa kuti mlandu umenewo udakalipo.

Atatopa ati, "Ika timve."

Ndaika. Amvetsera manja ali m'chiuno. Polumikiza paja andiyang'ana moopsa. Kenako:

"Nanga china chavuta n'chiyani?"
"Liwu, achemwali. Simukumva kuti akuthamanga?"
"Iii, imamveka choncho kuyambira kalekale. Ine ndimati ndi mmene anthu amamvekera mu kaseti."

Ndiye andiuza zomwe sanandiuzepo. Maliro atangotha anawaikira bambo kasetiyi pabalaza kuti mwina atonthole. Bambo anamva pang'ono, n'kunena kuti "ameneyo si mkazi wanga," n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo pabalaza sakhalapo. Amadyera pakhonde, alendo amawalandirira pakhonde, m'nyumba amangodutsa popita kukagona. Ine chaka chonsechi ndimati akufuna mphepo.

Potsika phiri ndakumbukira. Khirisimasi ija mabatire anga anali otheratu. Ndinawayanika padenga kuti dzuwa liwadzutse, awiri ndinachita kuwaluma. Anadzukadi, koma mwaulesi. Mota inkayenda pang'onopang'ono pojambula, ndiye pa wailesi yamphamvu mayi ayenera kuthamanga.

Choncho kasetiyi ndinaiwononga kale mu 1992. Lachiwiri ndinangobwereza.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Kumbuyo kwa mota kuli kabowo. Mkati mwake muli kasikuluwu kakang'ono. Ndanola sipoko ya ambulera pa simenti kuti ilowemo. Ukapotoza mbali iyi mota ikufulumira, mbali inayo ikuchedwa. Zaka zonsezi ndimati kabowoko n'kopumira.

Ndapotoza. Kamtsikana kaja kakula ndikuona. Ndapitiriza, kasanduka katekisiti wamwamuna. Ndiye kuti mayi ali penapake pakati pa awiriwa.

Achemwali anabwera madzulo. Tinakhala atatu mozungulira wailesi yotsegula kumsana.

Achemwali: "Kweza pang'ono. Mayi anali ndi liwu lakuthwa."
D.: "Lakuthwa pokalipira inu, alamu. Poimba linali lonenepa."
Achemwali: "Iwe unawadziwa atayamba kale kudwala."

Kenako onse awiri andiyang'ana ine. Ndapotoza uku, ndapotoza uko. Paliponse pamene ndaima pakumveka ngati mayi a munthu wina.

Ndati sipoko yapindika, tipitiriza mawa. Sinapindike.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Zimene ankanena ndikuzikumbukira zonse. Liwu lawo ndaliiwala. Chaka chimodzi chokha. Zikundiwawa, ndipo ndikuchita manyazi.

Lachinayi, 15 Ogasiti

D. pa tiyi m'mawa: "Munthu wamva liwu limenelo zaka makumi anayi ali pakhonde ku Bangwe, inu mukuvutika ndi ambulera."

Ndati bambo sangalole. Akuti, "Simunawafunse. Inu mumangofunsa mawailesi."

Ndapempha kuweruka masana mawa. Ndagula mabatire asanu ndi limodzi, atsopano, a m'pepala mwake.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Ku Bangwe ndafika cha m'ma thuu. Achibale a ku Mulanje afika kale, kuseri kwa nyumba azimayi akusenda anyezi a mawa. Bambo pakhonde, pa mpando wawo, chipewa kumutu, akuyang'ana msewu. Aona wailesi.

"Ngati ndi kamtsikana kaja, bwerera nako."

Ndawafotokozera za mabatire, za denga, za kasikuluwu. Ndawauza kuti wolakwa ndine. Apa agwedeza mutu, mbali imeneyi sinawavute kumvetsa. Ndati sindikuwapempha kulowa. Ine ndikhala pabalaza pafupi ndi zenera, iwo angonena ayi kapena eya.

Ndalowa, ndatsegula zenera, ndadina batani, sipoko m'kabowo.

"Ayi."

Ndapotoza pang'ono.

"Ayi."

Pang'ononso.

"Wapitirira. Amenewo ndi achimwene awo."

Ndabwezera tepi ndi bolopeni kuti ndisathe mabatire, ndayambiranso. Kachitatu. Kachinayi. Thukuta mpaka m'maso. Kuseri kuja mipeni yasiya kulira. Achemwali aima pakhomo la kukhitchini ndi anyezi m'manja.

Kachisanu ndapotoza pang'ono kwambiri moti sindikudziwa ngati kanayenda n'komwe. Ndadikira ayi wina. Sanabwere.

"Siya pomwepo."

Ndachotsa dzanja. Ndipo ndinawamva. Liwu lija lokhala ngati lili ndi kachimfine pang'ono, lokoka kumapeto kwa mzere, lomwe linkandiitana kuti ndichoke ku mpira. Ndinalizindikira nthawi yomweyo, sindikudziwa kuti linabisala kuti. Ndatulutsa kyutekisi m'thumba n'kudonthezera pa kasikuluwu kuti kasadzayendenso. Kadontho koyamba kanagwera pa tebulo.

Pofika polumikiza paja, thi, mayi adumpha mzere wawo. Bambo auimba okha panja, chapansipansi, n'kukumana nawo pa mzere wotsatira.

Nyimbo yatha. Tepi ikupitirira. Mayi akuseka, akufunsa, "Ramsey, chikugwira koma chinthu chakochi?" Ine wa 1992 ndikuyankha monyada kuti chikugwira bwino kwambiri. Kenako liwu lawo likutembenukira kukhomo:

"Bambo a Petronela, mwangokhala panja bwanji? Lowani."

Mpando wa pakhonde wakhuluka pa simenti. Bambo aima pakhomo, avula chipewa.

"Ndabwera," atero. Samauza ine.