Latsala Khoma Limodzi

Bab El Oued, Algiers

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wa mwana wanu. Kodi bondo lija likukulolani kukwera masitepe? Nanga chifuwa cha Ababa chikuti bwanji ndi fumbi la mwezi uno? Ine ndili bwino, Mulungu akundisunga. Kutelala ntchito yachuluka poti maukwati ayandikira, ndipo mwini nyumba wakonza mpopi uja atandizunguza nyengo yonse yozizira. Mkate wa kesra munandiphikira uja a Messaoud anandipatsira, koma theka. Akuti basi inachedwa panjira ndipo njala ilibe ulemu.

Zimene ndikulembazi sindinafune kuzinena pafoni, chifukwa Ababa amakhala pambali panu ndipo mtima wawo mukuudziwa. Nkhani ndi ya mlongo wanu, Amalume Tayeb. Khalani kaye pansi, Amayi.

Ndikudziwa kuti mwawaona pa kanema akuimanso pa chisankho cha pulezidenti, ndipo ndikudziwa kuti munaseka, monga tinasekera tonse. Chichokereni mu mgodi wa kwathu ku Ouenza, nyimbo yawo ndi imodzi: migodi ndi mafakitale zikhale za amene amakhetsamo thukuta, mwana wa wosesa adye ngati mwana wa nduna. Anawachotsera ntchito nyimbo imeneyi, anawatsekera nayo, mkazi anawathawa nayo. Aluza kanayi konse, ndipo kuno chipani chawo amachitcha chipani cha m'thekisi, ati mamembala onse amakwana m'galimoto imodzi, dalaivala n'kukhala wa chipani china.

Mukukumbukiranso mwambo wawo. Akaluza, amatenga ndowa ndi chitsulo chopalira n'kuyenda khoma ndi khoma kuchotsa zithunzi zawo okha. Amati si bwino munthu woimira antchito kusiyira osesa m'misewu nkhope yake kuti azivutika nayo. Akamaliza khoma lomaliza, m'pamene amakwera basi kubwera kwa inu, inu n'kuwakalipira, n'kuwaphikira msuzi wa chorba, iwo n'kugona sabata yathunthu pakhonde.

Sabata yatha ndikupita kuntchito m'mawa, ndinadzera kumsika. Pa khoma la sukulu paja amamatapo zithunzi za opikisana, ndinaona munthu atakwera pa kreti, ndowa ili pansi, akupala. Jekete lotuwa lija ndinalizindikira ndili patali. Amayi, chisankho sichinachitike! Misonkhano yokopa anthu yangoyamba kumene, koma Amalume anali akupala nkhope yawo, madzi akuyenderera m'mikono.

Ndinayamba ndaseka, kuyesa ndi nzeru zina za ndale. Ndinawafunsa kuti Amalume, mwagonja mpira usanayambe? Anatsika pa kreti, n'kundipsompsona pachipumi, n'kunena modekha kuti, “Taluzanso, Ouarda mwanangu. Koma usadandaule, mavoti a ku doko akwera chaka chino.” Kenako anatembenukira mayi wina wodutsa ndi dengu, n'kumuthokoza chifukwa chowavotera. Ndinawauza kuti anthu sanavote. Anandiyang'ana ngati ndine wodwalayo, n'kundifunsa ngati Ababa atuluka kale mu mgodi kapena ali shifiti ya masana. Ababa amene anapuma ntchito ine ndisanabwere n'komwe kuno!

Wogulitsa nsomba pafupi ndi khomalo, a Slimane, anandikokera pambali. Akuti zimenezi n'za m'mawa uliwonse. Amalume amapala mpaka dzuwa litakwera, n'kupita kukagona, ndipo masana a chipani amabwera ndi guluu kudzamata zatsopano pamalo pomwepo. Akuti pamsika ponse akudziwa, ndipo ena amawakuwiza amvekere, “Bwana Pulezidenti, lero mwaluza ndi angati?” Iwo amayankha mwaulemu, kuwerengetsa madera. A Slimane anati poyamba nawonso ankaseka, ankati mdala uyu yekha ndiye amanena zoona, zotsatira amazidziwiratu. Koma tsiku lina Amalume anawafunsa monong'ona ngati zithunzi zimamera ngati udzu, poti dzulo anasiya khoma loyera. Kuyambira pamenepo a Slimane kuseka kunawathera.

Kuntchito sindinapite. Ndinalunjika ku kaofesi ka chipani, pamwamba pa shopu ya matayala, kukaonana ndi Si Rabah, mnzawo uja anali nawo kundende, amene inu mumati ali ndi maso a mbuzi. Ndinawapeza akusakaniza guluu m'ndowa. Ndinkaganiza kuti adzidzimuka ndikawauza. Ayi ndithu, anangopukuta manja n'kunditsegulira mpando.

Akuti akudziwa kuyambira chaka chatha. Akudziwa! Amalume anasochera kawiri pochokera ku mzikiti wa pafupi ndi kwawo, ndipo tsiku lina anaika nsapato mu furiji. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji munawaimika? Akuti popanda dzina la Tayeb chipani kulibe, ndipo ntchito ya moyo wonse ifera m'ndowa ya guluu. Akuti mawu a pa kanema aja Amalume sanaphonye ndi limodzi lomwe, poti awalankhula kuyambira ali mnyamata, amatuluka okha ngati pemphero.

Koma choipitsitsa ndi ichi. Ananditulutsira foni n'kundionetsa Amalume akupala khoma, wina atawajambula. Akuti anthu ambirimbiri aonera, ndipo akuyesa kuti n'chionetsero, kuti nkhalamba ikuuza dziko kuti chisankho chinaphikidwa kale. Si Rabah amvekere, “Mwana wanga, zaka zonsezi talankhula, palibe anatimva. Lero Tayeb wangotenga chopalira, dziko lonse latembenuka. Ukufuna ndimulande?” N'chifukwa chake amamata zatsopano masana alionse, kuti m'mawa nkhalamba ipeze chopala.

Ndinawatukwana, sindikubisirani, ndipo Mulungu andikhululukire poti ndi munthu wamkulu. Ndinawauza kuti akhala moyo wonse akulalata za mabwana ogwiritsa anthu ntchito mpaka kufa, lero iwo alemba ntchito mnzawo wodwala, yopanda malipiro, yopanda mathero. Kenako anayamba kulira, n'kunena kuti amene amawameta ndevu, kuwachapira ndi kuwapatsa mankhwala ndi iwo, achibale tinali kuti? Apo ananena zoona, chifukwa ine ndimakhala mtunda woyenda pansi, koma ndinatha miyezi osawaona, kuopa kulalikiridwa za migodi.

Komabe kulira kwawoko sikunasinthe kanthu. Lachisanu likudzali, akatuluka ku mapemphero a Juma, akufuna kuwatengera ku kanema, pulogalamu ija atolankhani amafunsa mafunso dziko lonse likuonera. Kumeneko kulibe mawu oloweza. Adzawafunsa za lero, iwo n'kuyankha za nthawi ija tinalibe magetsi. Munthu amene sanalandirepo chiphuphu, amene anakana unduna, amene ndende sinamupinde, adzathera kukhala choseketsa cha m'mafoni. Anthu awaseka moyo wonse, inde, koma ankawaseka iwo akudziwa chimene akuchita, ndipo ankabweza. Pano sangabweze. Ababa adzaonera ali pampando wawo, ndipo Ouenza yense adzaonera.

Ndayesa kuwatenga ndekha. Dzulo ndinalawira kukhoma kuja, ndinawagwira mkono, ndinawanamiza kuti inu mukudwala. Anadandaula kwambiri, koma anati sangachoke ntchito isanathe, osesa angawaone bwanji? Pafupi ndi ndowa panali kachikwama kawo kabulauni ka paulendo kaja. A Slimane akuti amabwera nako tsiku lililonse, kolongedza kale, mkati muli mpango wobiriwira anakugulirani. Akamaliza kupala amakhala atatopa, amati akwera basi mawa. Mawa lake amapeza khoma ladzadzanso.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani, Amayi. Kwerani basi yofika kuno Lachinayi m'mawa, achimwene anga Nadir akuperekezeni chifukwa cha bondolo, ine ndikakuchingamirani ku depoti. Munthu amene Amalume amamuopa pa dziko lino ndinu nokha. Apolisi sanawaope, koma inu mukangoti “Tayeb!” amakhala pansi ngati mwana wa sukulu. Si Rabah nawonso sangaime pamaso panu, mukudziwa chimene munawachita tsiku la ukwati wa Nadir.

Koma chonde musadzawakalipire, ndipo musadzawauze kuti chisankho sichinachitike. Ine ndinayesa, ndinangowaopsa pachabe. Ndiponso bodza lake lili pati? Zotsatira tonse tikuzidziwa. Mudzangobwera ndi chitsulo chija mumapalira chiwaya cha kesra. A Slimane alonjeza ndowa yachiwiri ndi makwerero. Tikakhala anayi, khoma lija tilimaliza dzuwa lisanatenthe, iwo adzaliona loyera ndi maso awo, ndipo tidzawakweza basi yamasana a guluu asanafike.

Ababa muwauze pang'onopang'ono, inu mukudziwa poyambira. Paja m'bale wawo weniweni ndi mlamu wawoyu, ndipo voti yawo sinapitepo kwina.

Mundiperekere moni kwa Ababa, kwa achimwene anga Nadir ndi alamu anga Hadda, kwa ana onse, makamaka Ilyes amene ndamva wathyola dzino. Azakhali Yamina muwauze kuti nsalu yawo ndasoka, mudzawatengera pobwerera. A Messaoud muwapatse moni theka.

Posiyana nawo dzulo, Amalume anandiitana ali pa kreti, chopalira chili m'manja. Anati ndikakulemberani ndikuuzeni kuti achemwali asakwiye, asunge chorba pamoto, latsala khoma limodzi lokha. Ndakuuzani, Amayi. Bwerani tidzawathandize kulimaliza.

Ndine mwana wanu wokusowani,

Ouarda